Ndikadya chiyani ku Iran? Yankho kwa bambo amene akuopa kukagona ndi njala kwa eni

"Zikomo alangizi. Ndine bambo wa zaka 52, ndimakhala ku Zomba, ndipo kuntchito akunditumiza ku Iran kwa masabata awiri kukaona makina amene tikufuna kugula. Masiku ambiri ndikakhala ku Tehran, koma atiuza kuti tikafikanso ku Isfahan ndi ku Shiraz. Sindinatulukepo mu Africa muno. Ndine munthu wa nsima, ndili ndi vuto la BP, ndipo m'mimba mwanga simuchedwa kusokonezeka ndikadya zachilendo. Anzanga akundiopseza kuti chakudya cha kumeneko ndi tsabola yekhayekha, moti mayi akunyumba akufuna kundilongedzera ufa. Kodi ndikadya chiyani, ndikadyera kuti, nanga ndisamale ndi chiyani? Sindikufuna kukachita manyazi pamaso pa eni dziko."

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Anzanu amene akukuopsezaniwo asokoneza Iran ndi India kapena Pakistan. Chakudya cha Aperisiya, eni dziko la Iran, sichiwawa tsabola, kupatula cha m'madera a kum'mwera, m'mphepete mwa nyanja. Chimene chimalamulira kukhitchini kwawo ndi kuwawasa ndi kununkhira: mandimu ouma, makangaza, masamba aawisi onunkhira, anyezi wokazinga, sinamoni pang'ono, ndi safironi (chokometsera chochokera ku maluwa, chopatsa chakudya mtundu wachikasu), amene Iran imalima pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a dziko lonse lapansi, makamaka m'chigawo cha Khorasan. Pa zaka zimene ndakhala ndikuperekeza ndi kulangiza apaulendo opita kumeneko, sindinamvepo wina akudandaula za tsabola. Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri ndi lakuti munthu wadya nyama yootcha ndi mpunga masana ndi usiku kwa sabata yathunthu mpaka yamukola, ndipo wabwerera kwawo akuganiza kuti Aperisiya sadziwa kuphika china. Ngozi yanu yeniyeni ndi imeneyo, ndipo mbali yaikulu ya yankho langa ikhala yokuthandizani kuipewa.

Kadyedwe kawo simukakaona kachilendo kwambiri, chifukwa nawonso amasiyanitsa chakudya chenicheni ndi ndiwo. Pamalo pa nsima pali mpunga woyera umene amautcha chelo, ndipo pamalo pa ndiwo pali khoresh, ndiwo zamsuzi zophikidwa kwa maola angapo pamoto wochepa. Mpunga ukaphikidwa mosakaniza ndi masamba, nyemba kapena zipatso, dzina lake limakhala polo. Mpunga wabwino amalima kumpoto, m'zigawo za Gilan ndi Mazandaran, ndipo ngati mumakonda fungo la Kilombero mukaumva kukoma. Amaunyika m'madzi amchere, kuuwiritsa pang'ono, kuutsanula madzi, kenako n'kuubwezera mumphika wothira mafuta kuti upse ndi nthunzi, motero mbewu iliyonse imaima payokha. Pansi pa mphikawo pamatsala nkhoko zofiirira zokhukhuta zimene amazitcha tahdig. Kwathu kuno nkhoko timaziviika m'madzi kapena kusiyira ana, koma kumeneko ndiye chidutswa chaulemu chimene amayamba kupatsa mlendo, choncho wina akakuikirani nkhoko m'mbale musaganize kuti akukupeputsani.

Tsono vuto lagona apa. Kwa nthawi yaitali, Aperisiya akhala akuona kuti ndiwo zabwino zimaphikidwa kunyumba, ndipo banja likatuluka kukadya kunja limafuna chimene sichiphikika mosavuta panyumba, chomwe ndi nyama yootcha pamakala. N'chifukwa chake malo ambiri odyera, makamaka amene dalaivala kapena wa kuhotela angakulozereni, amakhala ndi mndandanda wa kabab, nyama yootchayo, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Chelo kabab ndi chakudya chabwino, ndipo tsiku loyamba ndikulangizani kuti muyambire pomwepo popeza m'mimba mwanu simukadabwa nacho. Koobideh ndi nyama yogaya ya nkhosa kapena ya ng'ombe yosakaniza ndi anyezi wopala, yomatidwa pachitsulo chophwatalala. Ndi yofewa ndiponso ndiyo yotsika mtengo. Barg ndi nyama yosagaya yodulidwa mopyapyala, joojeh ndi nkhuku yonyikidwa m'mandimu ndi safironi, ndipo mukaona mawu akuti soltani dziwani kuti akubweretserani barg ndi koobideh m'mbale imodzi. Pambali pamabwera tomato wootcha, kachidutswa ka batala, anyezi wamuwisi, ndi ufa wofiira wowawasa wotchedwa somagh, umene kuwawasa kwake kumakumbutsa chidede. Batalayo mumamukwirira mumpunga wotentha, tomato mumamuphwanyira momwemo, somagh mumawaza panyama. Amadya ndi supuni kudzanja lamanja ndi foloko kumanzere, ndipo kawirikawiri mpeni supezeka patebulo chifukwa nyama yake imaduka ndi supuni.

Kuyambira tsiku lachiwiri muyambe kufunsa. Safunsa anadya phula, ndipo mawu atatu okha akupulumutsani: ghaza-ye rooz, kutanthauza chakudya cha lero, ghaza-ye khanegi, chakudya chapakhomo, ndi ghaza-ye mahalli, chakudya cha dera limenelo. Nthawi yofunsira ndi masana. Nkhomaliro ndiyo chakudya chachikulu cha tsiku, chimadyedwa kuyambira cha m'ma 12 koloko mpaka 3 koloko, ndipo miphika ya khoresh imene yaphikidwa m'mawa ikatha, yatha basi. Munthu wofika 8 koloko usiku n'kumafunsa ndiwo zamsuzi nthawi zambiri amauzidwa kuti kwatsala kabab. Malo abwino oyambira ku Tehran ndi mumsika waukulu wakale, Grand Bazaar, kumene amalonda amadyera. Kumeneko kuli malo otchuka otchedwa Moslem, odziwika ndi tahchin, mpunga wosakaniza ndi yogati, mazira ndi safironi, wophikidwa mpaka kulimba ngati keke, ndi nkhuku mkati. Mzere wake umakhala wautali koma umayenda msanga, ndipo mbale imodzi ikhoza kukwanira anthu awiri.

Pa ndiwo zamsuzi, zitatu ndizo simuyenera kubwerako musanalawe. Ghormeh sabzi ndi masamba odulidwa tizidutswa ting'onoting'ono n'kukazingidwa mpaka kuda, ophikidwa ndi nyama, nyemba zofiira ndi mandimu ouma athunthu. Maonekedwe ake sakopa, ndi obiriwira modera, koma Aperisiya ambiri mukawafunsa chakudya chimene amachilakalaka akakhala kunja amatchula chimenechi, ndipo munthu wozolowera ndiwo zamasamba ngati inu sachedwa kuchikonda. Ndimu loumalo mulikanikize ndi supuni kuti madzi ake alowe mumsuzi; mukhoza kulidya, koma nthanga zake zimawawa. Gheimeh ndi nyama yophikidwa ndi nsawawa zachikasu zoswa ndi tomato, ndi tchipisi pamwamba, ndipo pa zitatuzi ndiyo yosavuta kwa mlendo. Yachitatu ndi fesenjan, nkhuku kapena bakha wophikidwa mu mtedza wa walnut wosinja ndi madzi a makangaza owiritsa mpaka kulimba. Ganizirani ndiwo zotendera, koma zakuda ngati chokoleti, zowawasa ndiponso zotsekemera pang'ono. Ndi yolemera m'mimba, choncho muidye masana, osati pokagona. Mukafuna chopepuka, zereshk polo ba morgh ndi mpunga wowazidwa tizipatso tofiira towawasa, woperekedwa ndi nkhuku yophika, ndipo umapezeka pafupifupi paliponse.

Pali chakudya china chimene ndikufuna ndichifotokoze mwatsatanetsatane, chifukwa ndi pamene alendo ambiri amachitira manyazi amene mukuopawo. Dzina lake ndi dizi, ena amati abgoosht, ndipo chimagulitsidwa masana m'nyumba za tiyi zotchedwa chaikhaneh ndi m'malo odyera achikale otchedwa sofreh khaneh. Amakubweretserani kamphika kakang'ono kadothi kapena kamwala kotentha kwambiri, momwe muli nyama ya nkhosa, mafuta a kumchira, tchana, nyemba zoyera, mbatatesi ndi tomato. Pambali amaika mbale yopanda kanthu, buledi, ndi kamunsi kachitsulo. Ulendo wanga woyamba ndinangokhuthulira zonse m'mbale n'kuyamba kudya, mpaka mkulu wina amene anakhala pafupi anadzuka, n'kundilanda supuni mwaulemu, n'kundionetsa. Chakudyachi chimadyedwa kawiri. Poyamba mumagwira kamphikako ndi chidutswa cha buledi kapena chopanira kuti musapse, n'kutsanulira msuzi wokha m'mbale, kenako mumanyemera buledi mumsuziwo ndi kudya zonyowazo ndi supuni. Mukamaliza, mumatenga kamunsi kaja n'kusinja zotsala mumphika mpaka zikhale phala lolimba, limene mumadya ndi buledi, anyezi wamuwisi ndi masamba. Chifukwa cha BP yanu, chotsani chidutswa cha mafuta chija musanasinje. Eni ake amachisinjira momwemo, koma palibe amene angakudabweni. Mukaona kuti zikukuvutani, kodolani woperekera zakudya, pakuti amakondwa kuonetsa mlendo.

M'malo achikalewa simukhala pampando nthawi zonse. Pamakhala mabedi amatabwa otambalala oyalidwa kapeti, otchedwa takht, ndipo mumavula nsapato musanakwerepo n'kukhala mopinda miyendo mozungulira nsalu yodyerapo, sofreh. Valani sokosi zabwino. Musaloze mapazi kuchakudya kapena kwa anzanu, musadumphe nsaluyo, ndipo mukafuna kumina tulukani kaye, popeza kumina pa chakudya amakuona ngati mwano waukulu. Ngati mawondo amakuvutani pemphani tebulo, ndipo malo ambiri ali nawo.

Ku Isfahan mukafunse beryani, koma muchotse m'maganizo biriyani ya mpunga imene mumaidziwa. Iyi ilibe mpunga ngakhale pang'ono. Ndi nyama ya nkhosa yowiritsa, yogaya, yokazingidwa m'kachiwaya kakang'ono ndi sinamoni, yoikidwa pabuledi, kawirikawiri ndi mapapo ogaya pambali pake. Imagulitsidwa masana okha, ndipo mukaipeza m'misewu yozungulira bwalo lalikulu la Naqsh-e Jahan ndi mumsika wake. Ili ndi mafuta ambiri, moti kwa inu theka likwanira. Mumzinda womwewo muli khoresh mast, imene dzina lake limanamiza: ngakhale imatchedwa ndiwo ndipo muli nyama ya pakhosi pa nkhosa yosinjidwa mpaka kusaoneka, ndi yotsekemera, yozizira, yachikasu ndi safironi, ndipo imadyedwa ngati chotsitsira chakudya. Mphatso ya mayi akunyumba mukaigule komweko, maswiti oyera otchedwa gaz okhala ndi mtedza wa pistachio mkati.

Shiraz ndi kwawo kwa kalam polo, mpunga wophikidwa ndi kabichi, masamba onunkhira ndi timipira ta nyama, umene umayenda ndi saladi ya nkhaka, tomato ndi anyezi zodulidwa tating'ono. Madzulo anthu amakadya faloodeh m'timashopu ta kuseri kwa linga la Karim Khan: tizingwe topyapyala ta sitachi toundana m'madzi ashuga onunkhira maluwa a rozi, tothiridwa madzi a mandimu. Ngati mwayi utapezeka wopita kumpoto, mzinda wa Rasht unalandira ulemu wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2015 chifukwa cha zakudya zake, ndipo mirza ghasemi wa kumeneko, mabiringano ootcha osakaniza ndi adyo, tomato ndi mazira, amapezekanso ku Tehran. Tsabola mukamufuna, fufuzani malo ophika za kum'mwera mukadye ghalieh mahi, nsomba yophikidwa ndi masamba ndi bwemba.

Kadzutsa wamba ndi buledi wotentha, tchizi woyera wamchere, nkhaka, tomato, uchi kapena jamu, ndi tiyi. Mwa mitundu ya buledi, sangak ndiye wokoma koposa, wautali, wophikidwa pa timiyala totentha, ndipo muzimutembenuza musanalume chifukwa nthawi zina kamwala kamatsalira. Barbari ndi wokhuthala, lavash ndi wopyapyala ngati pepala. Pali kadzutsa winanso amene munthu wodya mang'ina sangamuope: kaleh pacheh, mutu ndi mapazi a nkhosa zophikidwa usiku wonse, zimene zimagulitsidwa mbandakucha. Mulawe kamodzi ngati mukufuna, koma musazolowere, chifukwa mafuta ake ndi ochuluka. Halim, phala la tirigu losinjidwa ndi nyama, lothiridwa sinamoni ndi shuga, ndi lofatsa m'mimba.

Chakumwa chimene chimayenda ndi kabab ndi doogh, yogati wosungunula ndi madzi, wothira mchere ndi minti. Ngati mumamwa chambiko simukavutika naye, koma pali wa gasi ndi wopanda gasi, ndipo wopanda gasiyo mumamupempha ponena kuti bedoon-e gaz. Tiyi amamwa wakuda, wopanda mkaka, m'timatambula tagalasi, ndipo m'malo mosungunula shuga ambiri amaika kachibulunga ka shuga, ghand, m'kamwa n'kumamwera tiyiyo pamenepo. Mowa ndi woletsedwa ndi lamulo kuyambira pa kusintha kwa boma kwa mu 1979, ndipo nyama ya nkhumba simukaipeza. M'malo odyera mukaona mabotolo ooneka ngati a mowa, koma ndi chakumwa cha chimera chosaledzeretsa. Pa nkhani iyi ndikuchenjezani mosapsatira: wina akakunong'onezani kuti akhoza kukupezerani mowa, kanani. Kuwonjezera pa kumangidwa, mowa wophikidwa mobisa nthawi zina umakhala ndi poizoni wa methanol amene amachititsa khungu ndi kupha, ndipo mu 2020 anthu mazanamazana anafa nawo m'dzikomo.

Tibwere ku thanzi lanu. Mdani wa BP yanu kumeneko ndi mchere umene suoneka. Uli mu doogh, mu tchizi wa m'mawa, mu torshi, zomwe ndi ndiwo zamasamba zosungidwa mu viniga ndi mchere, mu nkhaka zamchere, ndi mu mtedza wokazinga umene amakupatsani paliponse. Simuyenera kuzisala zonse, koma musaziphatikize pa chakudya chimodzi: mukamwa doogh, siyani torshi. Mawu akuti kam namak amatanthauza mchere wochepa, ndipo amathandiza pa nyama yootcha, ngakhale kuti pa ndiwo zophikidwa kale palibe chimene angasinthe. Mpunga amapakula wambiri zedi, ndipo si mwano kusiya kapena kupempha kuti akukulungireni. Mbale ya masamba aawisi imene imabwera ndi chakudya, sabzi khordan, ndi yabwino kwa thupi, koma kwa munthu wa m'mimba mosachedwa kusokonezeka ndimalangiza kuti masiku atatu oyamba adye zophika ndi zotentha zokha, kenako ayambe zaziwisi m'malo aukhondo odzaza anthu. Madzi a m'mipopi m'mizinda ikuluikulu amathiridwa mankhwala ndipo eni ake amamwa, komabe madzi a m'botolo, ab-e madani, ndi otsika mtengo ndipo amakuchotserani nkhawa. Ngati muli ndi zilonda za m'mimba, chimene chingakuvuteni ndi kuwawasa kwa mandimu, viniga ndi makangaza, komanso anyezi wamuwisi, choncho muyambe pang'onopang'ono.

Pali zinthu zitatu zimene anthu ambiri sazidziwa. Choyamba ndi nyemba zazikulu zobiriwira zotchedwa baghali, zimene zili mu baghali polo, mpunga wokoma kwambiri woperekedwa ndi mwendo wa nkhosa, ndiponso zimagulitsidwa zowiritsa m'misewu nyengo yozizira. Anthu ena amabadwa ndi kuchepa kwa chinthu china m'magazi chotchedwa G6PD, vuto limene limapezeka kwambiri mwa amuna a mu Africa muno, ndipo ena mwa iwo akadya nyembazi magazi awo amaphwanyika: mkodzo umada ngati tiyi, maso amachita chikasu, thupi limafooka. Ngati dokotala anakuuzanipo kuti muli ndi vutoli, kapena munadwalapo motero mutamwa mankhwala ena a malungo, nyembazi muzipewe kotheratu. Chachiwiri ndi mkaka, tchizi ndi ayisikilimu zopangidwa kumudzi ndi mkaka wosawiritsa, zimene zimafalitsa matenda a brucellosis, omwe kumeneko amawatcha tab-e malt. Amayamba patapita masabata, ndi kutentha thupi kobwerabwera, thukuta la usiku ndi kuphwanya kwa mfundo, moti kuno akhoza kusokonezedwa ndi malungo. Gulani za m'mapaketi a kufakitale. Chachitatu ndi mtedza: walnut, pistachio ndi amondi zimabisala mu ndiwo, mumpunga ndi m'maswiti, choncho amene thupi lake limadana ndi mtedza apemphe mnzake wa kumeneko amulembere zimenezo m'Chiperisiya pakapepala koonetsa m'malo odyera.

Mukamva eni ake akukuletsani kudya nsomba pamodzi ndi yogati, kapena akukupatsani tiyi wothira nabat, shuga wouma ngati mwala, m'mimba mukapota, musadabwe. Iwo amagawa zakudya m'magulu awiri, zotentha ndi zozizira, osati potengera moto koma mmene amakhulupirira kuti zimagwirira ntchito m'thupi. Tiyi wa nabat savulaza munthu amene alibe matenda a shuga, koma asalowe m'malo mwa mankhwala.

Za manyazi tsopano. Aperisiya ali ndi mwambo waulemu wotchedwa taarof, ndipo inu ngati Mmalawi muli ndi mwayi kuposa alendo ambiri, chifukwa mumadziwa kale kuti munthu akakuitanirani nsima mukudutsa panjira, yankho loyamba ndi "zikomo", osati kusamba m'manja. Kumeneko mwambowu umafika patali. Munthu akamadya pafupi nanu amati befarmaid, kukuitanirani, ndipo mumathokoza n'kukana. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti mukafunsa mtengo kapena mukatulutsa ndalama, mwini malo akhoza kunena kuti ghabel nadareh, kutanthauza kuti n'zosayenera kulipiritsa munthu ngati inu. Si zoona kuti chakudyacho ndi chaulere. Mumathokoza, mumaumirira, ndipo kachiwiri kapena kachitatu amatchula mtengo. Ndinaonapo wapaulendo wina akubweza ndalama m'thumba n'kutuluka akumwetulira, mwini malo atangoti kakasi, ndipo tinachita kubwerera kukalipira. Lamulo losavuta ndi ili: pamalonda lipirani nthawi zonse, ndipo pa kuitanidwa kanani kawiri mwaulemu, munthu akaumirirabe kachitatu, n'kutchula tsiku ndi nthawi, ndiye kuti akunenetsa. Anzanu a ntchito akakutengerani kokadya adzalimbirana nanu bilu, ndipo inu muyesetse kulipira ngakhale mukudziwa kuti mugonja, kenako mudzabweze tsiku lina.

Mukaitanidwa kunyumba, pitani, chifukwa chakudya chenicheni cha Aperisiya chili kumeneko. Tengani bokosi la maswiti kapena maluwa, vulani nsapato pakhomo, ndipo musapereke dzanja kwa mayi wa panyumbapo pokhapokha iye atayamba; kuika dzanja pachifuwa n'kuwerama pang'ono n'kokwanira. Adzayamba ndi tiyi, zipatso ndi mtedza, ndipo mgonero ukhoza kufika 9 kapena 10 koloko usiku, choncho musakhutire zoyambazo. Pakulani pang'ono poyamba chifukwa adzakuwonjezerani kangapo. Mukakhuta nenani kuti sir shodam, ndipo pothokoza wophika mawu ake ndi dast-e shoma dard nakoneh, kutanthauza kuti dzanja lanu lisapweteke. Iwo adzayankha kuti noosh-e jan. Ngati pagulu lanu pali amayi, akumbutseni kuti lamulo la dzikolo limafuna mpango kumutu ndi zovala zotalika m'malo onse a anthu ambiri, kuphatikizapo odyera. Inuyo musavale kabudula.

Ndalama zimasokoneza alendo kuposa chakudya. Chifukwa cha zilango za zachuma zimene dzikolo linaikidwa, makadi a Visa ndi Mastercard sagwira ntchito, kotero muyenera kunyamula madola kapena mayuro okwanira ulendo wonse, n'kumasintha pang'onopang'ono m'malo ovomerezeka otchedwa sarrafi. Ndalama ya boma ndi rial, koma anthu amawerengera mu toman, ndipo toman imodzi ndi ma rial 10. Kuwonjezera apo amakonda kudula maziro atatu, moti mukaona 350 pamndandanda wa zakudya, mwachitsanzo, akhoza kutanthauza ma toman 350,000, omwe ndi ma rial 3,500,000. Musanaitanitse chakudya funsani kuti "toman ya rial?" ndipo mupemphe kuti akulembereni nambala yonse pafoni. Phunziraninso manambala awo musananyamuke, pakuti ndi khumi okha: kadontho ndi 0, chooneka ngati V ndi 7, V wozondoka ndi 8. Mitengo imasintha msanga chifukwa ndalama yawo imagwa mphamvu kawirikawiri, choncho musadalire mitengo imene munthu anakuuzani chaka chatha. Bilu imatchedwa soorat hesab. M'malo apamwamba muione ngati aphatikizamo kale msonkho ndi ndalama ya operekera zakudya, ndipo muzindikire kuti timbale ta saladi, yogati ndi zakumwa timene mwapeza patebulo timalipiridwa mukatitsegula.

Simunanene mwezi umene mukunyamuka, ndipo zimenezi n'zofunika. M'mwezi wa Ramadan kudya, kumwa ndi kusuta pagulu masana n'koletsedwa ngakhale kwa amene si Msilamu, ndipo malo ambiri odyera amatseka mpaka dzuwa litalowa, ngakhale mahotela ndi malo a m'misewu ikuluikulu amapatsa apaulendo chakudya mosaonetsera. Madzulo ake ndiye mumapeza ash reshteh, msuzi wolimba wa nyemba, masamba ndi tizingwe ta ufa, pamodzi ndi zipatso za kanjedza (tende) ndi zotsekemera za zoolbia ndi bamieh. Chaka chawo chatsopano, Nowruz, chimayamba pa 20 kapena 21 Malichi, ndipo kwa masabata pafupifupi awiri maofesi ndi mashopu ambiri ku Tehran amatseka pamene Isfahan ndi Shiraz zimadzaza alendo. Lachisanu ndilo tsiku lopuma, ndipo misika yakale imakhala yotseka. M'mwezi wa Muharram mukhoza kupatsidwa chakudya chaulere mumsewu, chotchedwa nazri, kawirikawiri gheimeh ndi mpunga. Chimenecho si taarof, landirani ndi kuthokoza.

Musananyamuke kaonaneni ndi dokotala wanu, akuyezeni BP, akupatseni mankhwala okwanira ulendo wonse ndi masiku ena owonjezera, ndiponso akulembereni kalata yotchula mayina a mankhwalawo, amene muyenera kuwanyamula m'mapaketi ake m'chikwama cha m'manja. Funsaninso a kuntchito za inshuwalansi imene imagwiradi ntchito ku Iran, popeza zambiri sizifika kumeneko, ndipo mufufuze ku unduna woona za maubale ndi mayiko ena mmene chitetezo chilili masiku amenewo, chifukwa zinthu m'chigawocho zimasintha mofulumira. Tengani mapaketi angapo a Thanzi. Kutsegula m'mimba kwa tsiku limodzi kapena awiri kumatha ndi madzi ambiri, Thanzi, mpunga woyera ndi yogati wa kufakitale, ndipo ogulitsa mankhwala m'ma darookhaneh amathandiza pa zing'onozing'ono. Koma pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona magazi m'chimbudzi, mukamasanza chilichonse chimene mwamwa, kutsegulako kukapitirira masiku awiri, mkodzo ukada kapena maso akachita chikasu. Munthu womwa mankhwala a BP akataya madzi ambiri m'thupi akhoza kuchita chizungulire ndipo impso zake zikhoza kuvulala, choncho musadikire monga angachitire mnyamata. Kutupa kwa milomo kapena kubanika mutadya, kupweteka pachifuwa, mutu waukulu wobwera ndi kusaona bwino, dzanzi mbali imodzi ya thupi, zonsezi n'zoimbira ambulansi pa 115 nthawi yomweyo. Thupi likatentha, uzani dokotala kuti mwachokera kudziko la malungo ndipo mupemphe kuyezedwa, chifukwa madokotala a ku Tehran sakumana ndi malungo kawirikawiri ndipo sangayambe awaganizira. Mukadwala mutabwerera kuno, muuzenso dokotala kumene munali ndi zimene munadya.

Ufawo auzeni mayi ausunge, mudzaudya pobwera. M'chipinda cha hotela mulibe pophikira, ndipo thumba la ufa woyera likhoza kukuchedwetsani pabwalo la ndege ndi mafunso osafunikira. Ngati pali chimene angakulongedzereni, chikhale kabotolo ka tsabola wa kambuzi, kotsekedwa bwino ndi kuikidwa m'chikwama chachikulu, chifukwa pofika tsiku lachisanu mudzakafuna pa koobideh.